Kompyuta ya pa shopu ikuyaka tsiku lina, tsiku lina ikukana

Kondwani: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kompyuta ya padesiki pa shopu yanga ya fotokope ndi kutayipa. Muli Linux Mint 21 ndi madiski awiri: SSD yaing'ono momwe muli sisitimu, ndi hard disk ya 1TB momwe ndimasungamo ntchito za makasitomala, ma CV, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zina. Masiku ena ndikaiyatsa imayaka bwinobwino. Masiku ena imangoima pa sikirini yakuda n'kulemba kuti "You are in emergency mode". Ndikazimitsa n'kuyatsanso, mwina imatheka, mwina ayi. Dzulo kunabwera mayi wina kudzatenga pulogalamu ya maliro a mlongo wake, galimoto ikumudikira panja, ine ndili duu pa sikirini yakuda. Mtima unandipweteka kwambiri. Kodi kompyutayi yatha basi?

Yamikani: Achimwene, ifomateni muyikenso Mint watsopano. Ola limodzi mwamaliza.

Limbani: Kapena ingobwererani ku Windows. Pa bizinesi pamafunika chinthu choti chikavuta mupeza wokonza pa msika pomwepo.

a Gondwe: Dikirani kaye anyamata, musamuthamangitsire kufomata. Kompyuta yoti dzulo inayaka, lero yakana, mawa iyakanso, sisitimu yake ili bwino. Chikanakhala kuti mafayilo a sisitimu awonongeka bwenzi ikukana tsiku lililonse. Pali china chake chimene chikusintha pakati pa tsiku labwino ndi tsiku loipa, ndipo ndicho tichipeze. Akafomata osachipeza, vuto libwerera, komanso ntchito za anthu zikhoza kupita nawo. A Kondwani, ndikufunseni: isanafike pa emergency mode, imayamba yawerenga masekondi kapena imangogweramo nthawi yomweyo?

Kondwani: Zonse ziwiri zimachitika a Gondwe. Nthawi zina pamabwera mzere wakuti "A start job is running for" n'kumawerenga mpaka 1min 30s. Nthawi zina siwerenga n'komwe.

a Gondwe: Chabwino, musunge zimenezo chifukwa n'zofunika. Ikayaka lero tsegulani terminal mutitumizire zotuluka pa malamulo awa:

`cat /etc/fstab`
`lsblk -f`
`journalctl --list-boots`

Koma musanachite china chilichonse, koperani ntchito za makasitomala pa diski ina lero lomwe. Sitikudziwabe ngati hard disk yanuyo ili ndi moyo wautali.

Thoko: Ndikutsatira nawo, laputopu yanga ili ndi matenda ofanana ndi amenewa.

Kondwani: Ndakopera zonse pa diski yakunja ya mlamu wanga. Mu fstab, fayilo imene imauza Linux madiski oti iwalumikize poyaka, muli mizere ya sisitimu yoyamba ndi mawu akuti UUID, kenako pansi pali uwu umene anandiikira mnyamata amene anandigulitsa makinawa:

`/dev/sdb1  /mnt/ntchito  ext4  defaults  0  2`

Mphatso: Eya, ndi umenewo. Dzina lakuti sdb si la diski yanuyo mpaka kalekale ayi. Kernel, mtima wa Linux, imapereka zilembo a, b, c malinga ndi diski imene yayamba kuyankha pa nthawi yoyaka. Zili ngati mzere wa pachigayo, wafika msanga ndiye amakhala kutsogolo, mawa akachedwa malo aja atenga wina. Kodi mumasiya fulashi m'kompyutamo mukamaweruka?

Kondwani: Kawirikawiri. Makasitomala amabwera ndi mafulashi awo, ena amasiya kuti adzatenge mawa. Yanganso imagonera momwemo.

Mphatso: Ndiye fulashi ikatenga dzina la sdb, Linux imapita kukaifufuza ngati ext4 (mtundu wa kafomatidwe ka madiski a Linux), pomwe mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT. Nambala 2 ili kumapeto kwa mzerewo ikulamula kuti fsck, pulogalamu yofufuza zolakwika pa diski, iyambe yayendera diskiyo isanaimaunte (kuilumikiza ku foda yake). Fsck ikalephera, kumaunta kumalephera, ndipo systemd, imene imayendetsa kuyaka kwa Linux, imaona kuti diski yofunika yasowa, n'kukugwetserani mu emergency mode. Onani log (kaundula wa zochitika) ya tsiku limene inakana. Pa mndandanda wa `--list-boots` sankhani nambala yake, mwachitsanzo `journalctl -b -1` ndi kuyaka kwapitako, `-b -2` ndi kwa m'mbuyo mwake.

Kondwani: Ndaupeza mzere uwu:

`fsck.ext4: Bad magic number in super-block while trying to open /dev/sdb1`

kenako `Dependency failed for Local File Systems`.

Mphatso: Ndi zomwezo. Mawu amenewo akutanthauza kuti chimene yachipeza pa sdb1 si ext4. Chenjezo kwa aliyense amene akuwerenga: uthenga umenewu umapitiriza kukulangizani kuti muyese e2fsck ndi superblock ina. Musathamangire kutero musanaone pa `lsblk -f` kuti sdb1 ndi chiyani pa nthawiyo. Mukhoza kuwononga fulashi ya kasitomala yomwe inalibe vuto.

Yamikani: Ndiye angochotsa mafulashi asanayatse, nkhani yatha.

Mphatso: Tsiku lina adzaiwala, kapena adzayatsa ndi mwana wa pa shopu. Bola kukonza mzerewo. A Kondwani, lembani `sudo blkid`, mupeze UUID ya diski ya 1TB ija. Ndi nambala yaitali imene inalembedwa m'kati mwa diskiyo tsiku limene inafomatidwa, sisintha ngakhale mutaisamutsira pa doko lina. Yambani mwasunga fstab yakale ndi `sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.kale`, kenako pamene pali /dev/sdb1 mulembepo UUID= ndi nambalayo. Musaitayipe pamanja, koperani, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonya ndiye kuti kompyuta izikana tsiku lililonse tsopano. Mukamaliza musazimitse kaye. Lembani `sudo findmnt --verify`, kenako `sudo systemctl daemon-reload` ndi `sudo mount -a`. Ngati palibe chodandaula, zimitsani muyatse fulashi ili momwemo.

Kondwani: Ndachita zonse. Ndayatsa fulashi ili m'kati, yayaka. Ndaika mafulashi awiri, yayakanso. Zikomo kwambiri achemwali, Mulungu akudalitseni.

a Gondwe: Achemwali a Mphatso agwira ntchito yabwino, koma ine mtima sunakhazikike. Tafotokoza tsiku limene imagwa nthawi yomweyo. Nanga tsiku limene imawerenga mpaka 1min 30s lija? Masekondi 90 amenewo ndi nthawi imene systemd imadikira diski kuti ionekere. Ikawerenga mpaka kumapeto ndiye kuti panalibe sdb1 aliyense, hard disk sinabwere n'komwe. Komanso taganizani: diski ya m'kati yolumikizidwa ndi chingwe cha SATA nthawi zambiri imayankha msanga kuposa fulashi. N'chifukwa chiyani yanuyi imapitiriridwa? Ilipo nthawi imene ikuchedwa kudzuka. Tiyeni tidikire tione.

Thoko: Podikira pomwepo ndifotokozeko langa. Laputopu yanga ili ndi Windows 10 ndi Ubuntu 22.04. Ndili ndi gawo la diski la NTFS (kafomatidwe ka Windows) limene ndimasungamo zithunzi ndi manotsi a ana anga a Fomu 3 kuti ndizizipeza mbali zonse ziwiri. Mu fstab ndinalemba ndi UUID kale, si vuto la zilembo. Koma masiku ena Ubuntu imakana kuyaka, masiku ena imayaka koma sindingasunge kanthu pa gawolo.

Chikondi: Aphunzitsi, tsiku limene imakana, mumakhala kuti munamaliza ndi Windows dzulo lake?

Thoko: Ndikaganiza bwino, inde. Lamlungu ndimagwiritsa ntchito Windows polemba mayeso, Lolemba m'mawa ndi pamene imavuta.

Chikondi: Ndiye ndi Fast Startup. Inabwera ndi Windows 8 m'chaka cha 2012 ndipo mu Windows 10 imakhala yoyatsa kale. Mukadina Shut down, Windows sizima yonse, imasunga mbali ya zimene zinali mu memory pa diski kuti mawa idzayake msanga, ndipo magawo a NTFS amatsala ngati akadali m'manja mwake. Linux ikapeza gawo lotero imakana kulembamo, ndipo imachita bwino kukana, chifukwa ikalembamo Windows n'kudzadzuka ndi chithunzi chakale cha diskiyo, mafayilo amasokonekera. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mukadina Restart, Windows imazima yonse bwinobwino. Ndiye mukalowa Ubuntu kudzera pa Restart zonse zili bwino, mukalowa mutadina Shut down zavuta. Munthu amangoona ngati kompyuta ili ndi masiku ake.

Lowani mu Windows, Control Panel, Power Options, "Choose what the power buttons do", muchotse chizindikiro pa "Turn on fast startup". Kapena tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe `powercfg /h off`, koma dziwani kuti zimenezi zimachotsanso hibernate. Kenako yendetsani `chkdsk /f`, lamulo la Windows lokonza zolakwika pa diski, pa gawolo muli mu Windows momwemo.

Limbani: Pali ntfsfix pa Linux, si yomweyo?

Chikondi: Ayi achimwene. Ntfsfix imakonza tinthu tochepa chabe, siingalowe m'malo mwa chkdsk. Popeza aphunzitsi ali ndi Windows pa makina omwewo, akonzere kumeneko.

Thoko: Ndachotsa Fast Startup. Ndadina Shut down, ndayatsa Ubuntu, ndasunga fayilo bwinobwino. Zikomo achimwene, manotsi a ana apulumuka.

Kondwani: Abale, a Gondwe ananena zoona. Lero m'mawa yakananso. Munalibe fulashi iliyonse. Yawerenga mpaka 1min 30s, kenako emergency mode. Magetsi anathima usiku koma kompyuta inali yozimitsa kale.

Dalitso: Bwana, musavutike. Pamene pali defaults muwonjezerepo nofail, ikhale `defaults,nofail`. Diski ibwere isabwere, kompyuta iziyaka basi. Muthanso kuwonjezera `x-systemd.device-timeout=10s` kuti isamadikire nthawi yaitali. Ine makina onse amene ndimayang'anira ndimatero.

a Gondwe: A Dalitso, nofail ndi yabwino ndipo tiiika, koma osati ngati mankhwala. Ikaikidwa lero, diski izipitiriza kusowa mwakachetechete, mwini wake osadziwa mpaka tsiku limene idzasowe osabweranso.

Dalitso: Koma madala, munthuyu ali pa bizinesi. Kasitomala akudikira fotokope alibe nazo ntchito za diski yachiwiri. Kompyuta yonse izigona chifukwa cha diski yosungira mafayilo? Sisitimu ili pa SSD, iyake, munthu agwire ntchito, zofufuzazo achite madzulo.

Mphatso: Nonse mukunena zoona, koma pali msampha umodzi pa nofail umene ndinauonapo pa ofesi ina. Diski ikapanda kumauntidwa, foda ya /mnt/ntchito imakhalapobe, yopanda kanthu, ili pa SSD. Ngati zilolezo zake zikulola kulembamo, munthu amasunga ntchito tsiku lonse osadziwa kuti zikupita pa SSD. Mawa diski yeniyeni ikamauntidwa pamwamba pake, mafayilo adzulo saoneka. Mtsikana wa pa ofesiyo analira akuganiza kuti ntchito ya tsiku lonse yafufutika, pomwe inali pansi yabisika. SSD nayo imadzaza popanda wodziwa chaidzaza. Njira yake ndi iyi: diski isanamauntidwe, kapena mutaichotsa ndi `sudo umount /mnt/ntchito`, lembani `sudo chattr +i /mnt/ntchito`. Foda yopanda kanthuyo imakhala yokhoma, palibe angalembemo, koma kumaunta pamwamba pake kumatheka. Tsiku limene diski yasowa, mukafuna kusunga ikukanizani, mudziwa pompo.

Dalitso: Imeneyo ya chattr ndaitola, ndikaiika pa makina anga.

a Gondwe: Ikani zonsezo a Kondwani kuti shopu iziyenda. Ngati muli mu emergency mode ndipo ikukana kusunga fstab, lembani kaye `mount -o remount,rw /`. Mukatero tibwerere ku funso lenileni. Ndikufuna log ya kernel ya kuyaka kumene kwakanaku. Lembani `journalctl -k -b -1 | grep -i ata` mutitumizire.

Kondwani: Yatulutsa zambiri, koma izi zikubwerezabwereza:

`ata2: link is slow to respond, please be patient`
`ata2: COMRESET failed (errno=-16)`
`ata2: limiting SATA link speed to 1.5 Gbps`

a Gondwe: Apa ndiye tafika. Ata2 ndi doko limene pali hard disk yanu. Bolodi ikuitana diski, diski sikuyankha bwino, kernel ikuyesanso, mpaka ikutsitsa liwiro kuti mwina zimveke. Tsiku limene yayankha mochedwa, fulashi imakhala italanda kale dzina la sdb. Tsiku limene sinayankhe n'komwe, ndi masekondi 90 aja. Mavuto awiri aja gwero lake ndi limodzi. Tsopano olakwa angakhale atatu: diski yeniyeniyo, chingwe cha data, kapena magetsi opita ku diski. Tiifunse diskiyo. `sudo apt install smartmontools`, kenako onani pa lsblk kuti lero ili ndi chilembo chanji, mulembe `sudo smartctl -a /dev/sdb`, kusintha b ngati chilembocho ndi china. Pa tebulo limene lituluke ndiuzeni RAW_VALUE ya mizere 5, 197 ndi 199.

Limbani: Bwanji batire ya pa bolodi? Makina akalewa CR2032 ikatha, BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yoyambitsa kompyuta) imaiwala zonse magetsi akathima, nthawi imabwerera m'mbuyo, ngakhale dongosolo la madiski limasintha.

a Gondwe: Funso labwino. A Kondwani, magetsi akathima usiku wonse, nthawi ndi deti mu BIOS zimakhala zolondola?

Kondwani: Zimakhala zolondola, ndayang'ana m'mawa uno. Za SMART, lipoti la thanzi la diski lija, nazi: 5 Reallocated_Sector_Ct ili pa 0, 197 Current_Pending_Sector ili pa 0, 199 UDMA_CRC_Error_Count ili pa 312. Pamwamba palembedwa PASSED.

Yamikani: PASSED ndiye kuti diski ilibe vuto.

Chikondi: Osadalira kwambiri mawu amenewo, diski imatha kulemba PASSED ili pafupi kufa. Manambalawo ndi amene amanena zambiri.

a Gondwe: Zoona. Koma pano nkhani ndi yabwino. Mzere 5 umawerenga malo owonongeka amene diski yawasiya n'kusamukira pena, 197 ndi malo amene ikuwakayikira. Onse ali pa 0, ndiye mbale za m'katimo zikuoneka zabwino. Mzere 199 umawerenga nthawi zimene uthenga unawonongeka panjira, pakati pa diski ndi bolodi. Umenewo kawirikawiri umaloza chingwe kapena polumikizira. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze za m'kati, ndiye mutsegule. Mutiuze zimene muone.

Kondwani: Ndatsegula. Fumbi lake si la masewera, shopu yanga ili m'mbali mwa msewu wadothi. Chingwe cha data cha hard disk ndi chofiira chopyapyala, chilibe kachitsulo kokanikiza kumutu, ndipo chapindidwa kwambiri pamene chikudutsa pansi pa bokosi la DVD. Ndangochigwira pang'ono chatuluka chokha. Pulasitiki ya kumutu kwake yang'aluka mbali imodzi. Cha magetsi sichikuchokera mwachindunji ku power supply, pali kachingwe kolumikizira ka mapini anayi, koyera, ndipo pini imodzi ikugwedera.

a Gondwe: Zonse ziwirizo zichoke. Gulani chingwe cha SATA chokhala ndi kachitsulo kotsekera, ndipo musachipinde mwamphamvu. Kachingwe ka mapini anayiko ndi ka Molex, ndimakakayikira kwambiri. Hard disk yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna 12V kuti mota yake izungulire ndi 5V ya bolodi yake, ndipo imakoka magetsi ambiri pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira. Pini ikamagwedera, ndi pa kuyatsa pomwepo pamene imalephera, ikangozungulira imatha kuyenda tsiku lonse. N'chifukwa chake vuto lanu limaoneka m'mawa osati masana. Ngati DVD simuigwiritsa ntchito, zulani chingwe chake cha magetsi cha SATA muike ku hard disk. Fumbilo lipemerereni panja, osalowetsamo nsalu yonyowa.

Kondwani: DVD inasiya kalekale kugwira ntchito. Ndatenga chingwe chake cha magetsi. Cha data ndikagula mawa ndikapita kutauni kukatenga mapepala ndi tona.

Mphatso: Poyembekezera mungabwerekenso chingwe cha data cha DVD yomweyo ngati ndi ya SATA.

Kondwani: Ndi ya SATA, ndipo chingwe chake chili ndi kachitsulo. Ndachiika, chalira kuti "tha" polowa. Ndasamutsiranso pa doko lina la pa bolodi. Yayaka msanga, foda ya ntchito ilipo, ndipo mu log mulibe COMRESET.

a Gondwe: Mwaona ubwino wa UUID, mwasintha doko koma fstab simunaikhudze. Tsopano lembani 312 uja pa kapepala mumate pa bokosilo. Nambala ya 199 sibwerera pa 0 ngakhale mutasintha chingwe, imangosiya kukwera. Muziyang'ana kamodzi pa sabata. Ikakhala pomwepo, vuto linali zingwe. Ikamakwerabe, tidzakayikira polumikizira pa diski penipenipo kapena power supply. Yendetsaninso `sudo smartctl -t long` pa diskiyo tsiku limene magetsi akhazikika, pa 1TB imatenga maola angapo, ndipo zotsatira mudzaziona ndi `smartctl -a` yomwe ija.

Dalitso: Za magetsizo ndiwonjezereko. Ngati ndalama ingapezeke gulani ka UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, ngakhale kakang'ono kongokupatsani mphindi zozimitsira bwino. Ext4 ili ndi journal, imadzikonza yokha nthawi zambiri magetsi akathima mwadzidzidzi, koma fayilo imene munali kulemba pa nthawiyo ikhoza kupita. Ndipo tsiku limene fsck yapeza vuto loti siingakonze yokha, mudzaonanso emergency mode pa chifukwa china. Likadzafika tsiku limenelo, fsck muziyendetsa diski isanamauntidwe, osati ili pa ntchito.

Thoko: Ine funso lomaliza. Pa laputopu yanga ndiikenso nofail pa gawo la NTFS lija?

Chikondi: Ikani aphunzitsi. Windows ikadzazima molakwika, mwina batire yatha muli pakati pa ntchito, gawolo lidzatsalanso lodetsedwa. Ndi nofail Ubuntu idzayakabe, inu n'kubwerera ku Windows kukayendetsa chkdsk. Koma pa mzere wa /, wa sisitimu yeniyeniyo, musaikepo, pamenepo palibe chimene ingathandize.

Kondwani: Ndabweranso kudzapereka lipoti. Chiikireni zingwe zija sinakanepo, m'mawa kozizira kapena magetsi atathima usiku, fulashi ilimo kapena mulibe. Nambala ya 199 ikadali pa 312. Mayeso aatali aja atuluka "Completed without error". Mzere wanga mu fstab tsopano uli ndi UUID, nofail ndi timeout ya masekondi 10, ndipo foda ndinaikhoma ndi chattr monga ananenera achemwali a Mphatso. Diski ya mlamu wanga ndabweza, ndagula yangayanga yakunja, ndizikopera ntchito Loweruka lililonse ndikamatseka shopu.

Mphatso: Yakunjayo musaiike mu fstab, muziilumikiza pokopera pokha n'kuichotsa, ndipo muzipita nayo kunyumba.

Kondwani: Ndamva achemwali. A Gondwe, pa UPS ndikagule ya mphamvu yanji? Pa soketi yomweyo pali kompyuta, sikirini ndi makina a fotokope.

a Gondwe: Kompyuta ndi sikirini zokha, ya 650VA ikwanira kuti muzimitse bwino. Makina a fotokope ndi printa ya laser musaziike pa UPS, zimakoka magetsi ambiri zikamatenthetsa ndipo ziithimitsa nthawi yomweyo. Zimenezo zikhale pa soketi yakeyake.